Dola ya Pachifuwa cha Alcide

Kuno kwathu, m'mphepete mwa Mississippi, tsiku lobadwa munthu sabisa. Kukangocha, wa m'nyumba mwako amakubaya dola imodzi pamalaya ndi phini, pamtima penipeni, basi n'kukutulutsa panja. Zotsalazo amamaliza ndi anthu a mumsewu. Woyendetsa basi, mayi wa kufamase, ngakhale munthu amene munatukwanizana naye pa Khirisimasi, aliyense akaiona amapisa m'thumba n'kuwonjezerapo yake. Pofika madzulo umayenda ngati tambala wofufuma nthenga. Si malipiro ndipo si kupempha. Ndi njira yathu yonenera kuti takuona, unabadwa, ulipo.

Alcide Verrett yekha ndiye anatha zaka pafupifupi makumi anayi osavala dolayo. Anzake akuntchito sankadziwa n'komwe mwezi umene anabadwa. Akamufunsa ankangoti, "Ine anachita kunditola pamadzi," n'kupitiriza kukulunga chingwe.

Ntchito yake ndi ya pa pantoni yoolotsa magalimoto. Ndi mdala wamtali, waimvi za m'mbalimbali, wa bondo limodzi lolira ngati chitseko chakale. Amakodola magalimoto kuti alowe, amaika zipika kumatayala, amamasula chingwe, akafika kutsidya amachimanganso. Okwera tsiku ndi tsiku amamudziwa ngati munthu wosalankhulalankhula, wopereka moni ndi chibwano. Koma ife akale tikamuona timayamba tayang'ana miyendo.

M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi mtsinje umadzuka utafunda nkhungu, moti pantoni imaima mpaka dzuwa litakwera. Ena amakasewera makhadi m'kachipinda ka injini. Alcide amapita kutsogolo kwenikweni, n'kutsamira chitsulo, maso ali m'nkhungumo. Akatero ndiye kuti wachoka. M'mutu mwake nkhunguyo imatseguka, pamaoneka bwalo lofiira la mizere yoyera, lokhotera pang'onopang'ono kumanzere, ndipo iye ali pomwepo, wopepuka, mapazi akungokhudza pansi mongopereka moni. Samva anthu, samva mabelu a sitima zoima pakati pa mtsinje, amangomva mpweya wake ukulowa ndi kutuluka. Ukamuyang'anitsitsa umaona zidendene zikunyamuka m'majombo ake akuntchito, china kenako china.

"Wafika pati, aise?" amafuula Rufus, mnzake wa pachingwe chakumbuyo, munthu amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale akudya. "Ukapambana utibwereke chikhocho timwere khofi."

Alcide amangoseka ndi mphuno, osatembenuka.

Liwiro anabadwa nalo. Nyumba ya mayi ake, a Orelia, inayang'anizana ndi mgula, chimulu chachitali cha dothi chotchinga mtsinje kuti usatilowere m'nyumba. Madzi akadzaza, sitima zikuluzikulu zimadutsa kuseri kwake zili pamwamba kuposa madenga athu, moti ukakhala pakhonde umaziona ngati zikuyenda pa udzu. Pamwamba pa mgulawo pali kanjira, ndipo m'kanjira kameneko ndi mmene Alcide anakulira, akupikisana ndi sitimazo. Mayi ake ankaphika pasukulu ya pulaimale, ndipo bambo atamwalira analera okha ana awiri, iyeyo ndi mlongo wake Claudette. Akafuna kumutuma anyezi kugolosale ya kumapeto kwa tauni ankayamba aika mafuta pamoto. Mafuta asanatenthe, anyezi ali m'manja. "Iwe, walipira koma?" ankamufunsa, akumuyang'ana cham'mbali.

Atamaliza sekondale kunabwera azibambo a ku koleji ina ya kumtunda kwa mtsinje. Anakhala pa sofa ya mayi Orelia, nadya nyemba zofiira ndi mpunga, chakudya chathu cha Lolemba lililonse, mpaka kupempha zina. Analonjeza kuti mnyamatayo aphunzira ulere, adya ulere, agona ulere, bola azithamangira koleji yawo. Panali lamulo limodzi, ndipo analitchula akupukuta pakamwa: wothamanga wa pakoleji asalandire kanthu kwa munthu aliyense chifukwa cha kuthamangako. Akangolandira, wasanduka waganyu, masewera adetsedwa.

Lamulo limeneli ena a ife limatiwawa mpaka lero. Pakhomo la bwalo ankalipiritsa. Wogulitsa zakumwa ankapita kwawo m'thumba muli tho. Kochi anali ndi nyumba ya dziwe losambira kuseri. Aliyense ankadya za miyendo ya anawo kupatula eni miyendo, amene Lamlungu madzulo, kodyera kwa pakoleji kukatsekedwa, ankagawana buledi wouma ndipo munthu wachifundo sankaloledwa kuwagulira ngakhale mwendo wa nkhuku. Koma masiku amenewo ndani akanafunsa? Mayi Orelia anangoona mwana wawo akupita kumene wa mtundu wawo anali asanapondeko, ndipo alendo atachoka anavina m'khitchini supuni ili m'manja.

Pofika chaka chachitatu panalibe womupitirira pa mpikisano wozungulira bwalo kamodzi. Manyuzipepala anayamba kulemba kuti akapitiriza chonchi akayesedwa nawo posankha oimira dziko lonse. Ndiye mpikisano wina unagwa Loweruka la m'Malichi, mumzinda wapafupi, pa tsiku lomwe iye anabadwa. Tauni yonse inaoloka mtsinje. Basi ya tchalitchi inadzaza mpaka ena kuima pakhomo. Mayi Orelia anamupeza pampanda akudziwongola, atavala jekete ya koleji pamwamba pa zothamangira. Dola inali kale m'manja, phini ataluma pakamwa.

"Amayi, pano ayi. Anzanga andiseka."

"Akuseke. Iwowo anachita kuswedwa m'dzira? Bwera kuno, werama. Tsikuli ndi langanso, ndinalivutikira ndine."

Anawerama. Anamubaya dolayo, naisalaza ndi chikhatho, n'kumukankha pang'ono kuti azipita.

Za mmene anathamangira tsikulo, amene tinaona sitigwirizana. Ena amati anayamba mochedwa dala. Ena amalumbira kuti pakona yomaliza anatembenuza mutu kuyang'ana kumene kunali mayi ake. Chimene tonse timakumbukira ndi bata. Kwa kanthawi bwalo lonse linangoti zii, ngati tikuopa kudzutsa munthu woyenda kutulo, iye akungosefukira yekhayekha kutsogolo, anzake akuoneka ngati akuthamanga m'madzi. Phokoso linabwera atadutsa kale mzere.

Atavalanso jekete ija, anthu akwathu anaiona dolayo. Anthu akwathu akaona dola pachifuwa simungawauze kanthu. Anamuunjirira azimayi a kwaya, aphunzitsi ake akale, anyamata amene ankawasiya m'mbuyo pamgula. Phini imodzi itachepa, azimayi anazula za m'zipewa zawo. Kenako panafika bambo Duplechain, ogulitsa magalimoto mumzindamo, munthu wosadziwa ngakhale dzina la mayi ake a Alcide koma wokonda kuima pafupi ndi opambana. Iwowa anatulutsa pepala la madola handiredi, nalikweza m'mwamba kuti aliyense aone, n'kukodola wojambula zithunzi wa nyuzipepala. "Iyi ndi ya miyendo imeneyi!" anafuula motero akuibaya.

Ndalamazo sizinagone. Madzulo omwewo zinagula matumba a nkhanu, chimanga chachiwisi ndi mbatata, zonse n'kuwiritsidwa ndi tsabola mumphika umodzi kuseri kwa tchalitchi, ndipo msewu wonse unadya mpaka kunyambita zala. Chimene chinagona ndi chithunzi chija. Lolemba chinatuluka patsamba loyamba la zamasewera, mawu a bambo Duplechain ali m'munsi mwake.

Anaitanitsa Alcide m'chipinda chozizira cha makapeti, pamaso pa azibambo a mataye ochokera ku bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji. Mayi Orelia anapita nawo atavala chipewa cha kutchalitchi. Iwo ankaganiza kuti akangofotokoza za mwambo wathu azibambowo aseka, apepese, mwinanso awonjezerepo dola yawo. Azibambowo sanali ankhanza, ndipo apo ndi pamene panali powawa. Anawapatsa mpando, anawapatsa madzi, analankhula mofatsa.

"Anayamba kuika ndalama pajeketepo ndani?" anafunsa amene anakhala pakati.

"Ndine, bambo. Ndine mayi wake. Kwathu timatero munthu akabadwa."

"Tikumva, mayi, ndipo ndi mwambo wokoma. Koma mukuona, ndalama yoyambayo ndi imene inaitana zinazo. Ikanapanda yoyambayo, bwenzi sitili muno."

Anamuletsa kuthamanga chaka chonsecho. Mpikisano wosankha oimira dziko anauonera pa TV ya m'shopu yometera, atakhala kumbuyo. Chaka chitatha koleji inati malo ake yapatsa mnyamata wina, pakuti mwendo wosathamanga sankaudyetsa. Bambo Duplechain anapachika chithunzi chija muofesi mwawo ndipo malonda anawayendera bwino. Alcide anabwera kunyumba ndi sutikesi yake, akuti kwa kanthawi, ndipo amalume ake anamupezera ganyu pa pantoni.

Kunena zoona, iye sanasunge mkwiyo nthawi yaitali monga tinkayembekezera. Madzi akatayika saoleka, ndipo munthu wooloka mtsinje womwewo m'mawa ndi madzulo amaphunzira kusiya zinthu zipite. Anakwatira, ukwatiwo unadzatha mwaulemu popanda kuswa mbale, n'kubwerera kunyumba ya mayi ake. Bwalo lake ankalipeza m'nkhungu, ndipo linkamukwanira. Amene sanachire ndi mayi Orelia.

Pa mawu onse a m'chipinda muja iwo anatolamo ochepa okha: ikanapanda yoyambayo. Kuchokera tsikulo sanabayenso dola pa munthu, ngakhale pa adzukulu awo a kwa Claudette. Akaona wa tsiku lobadwa akubwera mumsewu ankaolokera mbali ina. Tsiku la Alcide likafika ankamuphikira msuzi wa therere ndi nkhanu, kumuikira patebulo, n'kukakhala pakhonde. Alcide anayesa kangapo konse kuwatonthoza.

"Amayi, si inu. Ndi a Duplechain aja ndi lamulo lopanda mutu."

"Ndinamva ndi makutu angawa," ankayankha. "Ananena ndi anthu ophunzira."

N'chifukwa chake Alcide anakana kuti wina aliyense amubayenso dola. Sankafuna kuti mayi ake aione.

Lamulo lija linadzasintha mayi Orelia atakalamba, mutu utayamba kutaya zinthu. Masiku ano ana a m'makoleji amaloledwa kulandira ndalama chifukwa cha dzina lawo ndi nkhope zawo. Kutsidya, pamene pantoni imakocheza, anaimikapo chikwangwani chachikulu chotsatsa malonda: mtsikana wothamanga wa pakoleji akumwetulira, ntchafu ya nkhuku yokazinga ili m'manja.

Koma kunyumba ya pamgula nthawi inkayenda chobwerera. Mayi Orelia anaiwala dzina la msewu wawo, anaiwala kuti amuna awo anamwalira, anayamba kumutcha Claudette kuti anesi. Chipinda chozizira chija chokha ndiye sanachiiwale. Anabwereramo n'kukhazikikamo. M'mawa uliwonse Alcide akamawapatsa khofi, ankamugwira dzanja n'kumufunsa, "Akulola kuthamanga, mwana wanga? Undikhululukire. Ine ndimangofuna anthu adziwe kuti unabadwa." Mawa lake chimodzimodzi, ndi misozi yatsopano, ngati zachitika dzulo. Adokotala anauza Claudette kuti mtima wa mayiwo watopa, nzimbe za chaka chimenecho mwina sadzaziona zikudulidwa. Imfa Alcide sankaiopa kwenikweni, mayi ake anali atakhala ndithu padziko. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti apita ali m'chipinda chimenecho.

Tsiku lina pantoni ikuyandikira kutsidya, Rufus analoza chikwangwani chija ndi mlomo.

"Tamuona mwana uyo. Akuti nkhuku imeneyo yamugulira galimoto. Masewera anatha, aise. Kale ana ankathamangira chikondi, lero akuthamangira ntchafu."

"Chikondicho iwe unayamba wachidyera mpunga?" anatero Alcide.

"Ayi, koma ndalama imaononga mwana."

"Imaononga mwana yekha? Kochi siimuononga? Musiyeni mwanayo adye nkhuku yake. Bondo ndi lake, tsiku limene lidzayambe kulira lidzalirira iye yekha."

Rufus anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, pakuti mawu ochuluka chonchi anali asanawamve kwa Alcide chaka chonse. "Ehe, kani mumalankhula, madala! Iwe vuto lako unafulumira kubadwa. Zako zija lero si mlandu n'komwe. Bwenzi pachikwangwanipo pali chimutu chakocho."

Alcide anaima chingwe chili m'manja. Lero si mlandu. Nkhani ya kusintha kwa lamuloyo anaimva kalekale pa wailesi, koma ankaitenga ngati mvula yogwa m'munda mwa eni. Anali asanaganizepo kuti mulinso kake mmenemo. Pantoni inagunda gombe iye asanaponye chingwe, mpaka kaputeni anamulizira hutala.

Tsiku lake chaka chimenecho linagwa Lamlungu, kunja kuli nkhungu yoti mgula umangooneka nsonga yokha. Anawatulutsira mayi ake pakhonde, anawafunditsa bulangete, anawapatsa khofi. Atangoyamba funso lawo lija, Alcide anagwada, bondo likulira, n'kuwaikira m'manja dola ndi phini.

Mayiwo anabweza dzanja ngati agwira khala la moto. "Chotsa! Ukufuna akuchotsenso sukulu? Bisa asanaone!"

"Amayi, lamulo lija linasintha."

"Usandinamize iwe, ndinakubereka ndine."

"Zoona, Amayi. Akuti ana azilandira. Wina kutsidyaku amuika pachikwangwani atanyamula nkhuku."

"Wanena ndani?"

"Omwe aja a mataye."

Mayi Orelia anatembenukira kwa Claudette, amene anaima pakhomo ndi kansalu kopukutira mbale. "Anesi, akunenazi n'zoona?"

"N'zoona, Amayi. Analengeza dziko lonse."

Mayiwo anayang'ana dolayo pabulangete. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ngakhale yoyambayo?"

"Makamaka yoyambayo," anatero Alcide. "Akuti inalibe mlandu."

Apa anathirako kamchere, pakuti azibambo amenewo kupepesa sakudziwa, koma sindikhulupirira kuti kumwamba bodza ili analilemba. Mayi Orelia analuma phini ija pakamwa monga ankachitira kale, napinda dolayo pakona. Ntchito ya kamphindi inawatengera nthawi. Phini inalowa m'malaya n'kukafika pakhungu. Alcide sanagwedezeke. Ataitseka anaisalaza ndi chikhatho, n'kumukankha pang'ono paphewa.

"Nanga ukudikira chiyani? Anzako aima kale pamzere."

Izi sanazikonzekere. Anayang'ana Claudette, Claudette anangokweza mapewa, misozi ili lengelenge m'maso. Ndiye mdala wa imvi uja anaoloka msewu, nakwera mgula chogwira bondo, atafika pamwamba anawerama pang'ono n'kuyamba kuthamanga.

Kunali kuthamanga kwa munthu wokalamba, mwendo wina ukukoka unzake. Koma nkhungu inamuchitira chifundo, inabisa miyendo. Kuchokera pakhonde chinkaoneka ndi chifuwa chokha ndi mutu, zikuyandama pamwamba pa zoyerazo, kadola kakupepheruka pamtima. Kuseri kwake sitima ina inali itaima, nyali zake zikuyakabe, ndipo iye anaipitirira. Kwa iye mwini bwalo lofiira lija linatseguka, koma ulendo uno silinali m'mutu, linali pansi pa mapazi, ndipo mkati mwa mpweya wake anamva mawu amene m'maloto ake onse aja sankawamva.

"Thamanga, Alcide! Thamanga, mwana wanga! Asiye!"

Anthu opita ku tchalitchi anaima mumsewu, mabuku a nyimbo ali m'khwapa. Alcide anakhotera pa mtengo waukulu wa pafupi ndi mpope n'kubwerera, ndipo potsika mgula anali akupuma ngati sowo. Asanafike pakhonde anthu anali ataiona kale dolayo. Woyamba anali Rufus, ali mu suti yake yothina.

"Kani nawenso unabadwa, aise? Ife timati anakutola pamadzi!" Anapisa m'thumba. "Werama, mdala, ndiwe wamtali."

Azimayi anazula maphini m'zipewa. Zimene anthu anakonzera chopereka zinathera pachifuwa cha Alcide, ndipo tsiku limenelo mbale inawabwerera abusa yopepuka. Mayi Orelia ankaonerera zonsezi osaolokera kwina, osabisa nkhope, akugwedeza mutu ngati akulandira alendo pa ukwati. Atafika pafupi nawo anamugwira malaya.

"Wapambana?"

"Ndapambana, Amayi."

"Ndinaona. Koma pakona paja unatembenuka kundiyang'ana. Usamatero, udzagwa."

Mawa lake linali Lolemba. Alcide anawapititsira khofi monga mwa masiku onse, mtima uli m'mwamba, chifukwa mutu wa mayi ake sunkasunga za dzulo ndipo ankadziwa kuti zonse zija zikhoza kukhala zitapita ndi nkhungu. Anawapatsa kapu. Mayi Orelia anamugwira dzanja, namuyang'ana kumaso nthawi yaitali. Iye anadikira funso lija.

"Iwe," anatero mayiwo, "nyemba unanyika?"

Anali asananyike. Anawasiya akumukalipira za ulesi, n'kulowa m'khitchini kukatsegula mpope, misozi ikugwera mumphika momwemo.